Owerenga Akufunabe Wolemba Wokhala ndi Dzina

Mu Febuluwale 2023, magazini ya Clarkesworld ya ku America inasiya kaye kulandira nthano chifukwa zolembedwa ndi makina ngati ChatGPT zinachuluka zedi. Makinawa amangolosera mawu oyenera kutsatira anzake, potengera zolemba zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Sanachezerepo pamaliro, sanadikirepo mvula mbewu zikufota m'munda.

Ine ndimakhulupirira kuti wowerenga amafuna munthu woti amufunse kuti, "Zimenezi munaziona kuti?" Mu 2025 bungwe la Authors Guild linayamba kupereka chizindikiro chotsimikizira kuti buku analemba ndi munthu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti nkhani ikamayenda pa WhatsApp, dzina la wolemba limatsalira m'njira, ndipo timangoitumizira anzathu osafunsa n'komwe.