MALAMULO A MKAKA: CHIFUKWA CHAKE CHIGUBU CHIBWEZEDWA

M'mamawa uliwonse m'maboma a Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, alimi aoneka atamangirira zigubu za mkaka panjinga, ulendo wa ku malo osonkhanitsirako mkaka. Ena a iwo abwerera ndi zigubu zodzaza, mkaka wao utakanidwa, ndipo adandaula kuti malamulo ndi ouma. Nkoyenera tsono kuti antchito a Boma ndi aphunzitsi, amene anthu a kumudzi afunsako nzeru, adziwe chimene lamulo lifuna ndi chifukwa chake.

LAMULO LENILENI

Lamulo la mkaka m'dziko muno litchedwa Milk and Milk Products Act, ndipo lipezeka pa mutu 67:05 wa Malamulo a Malawi. Cholinga chake ndicho kukonza ndi kuyang'anira kakamidwe, kakonzedwe ndi kagulitsidwe ka mkaka pamodzi ndi zinthu zochokera ku mkaka. Pambali pa ilo pali lamulo la zaumoyo la 1948, limene liletsa kugulitsa chakudya chosayenera kudyedwa ndi anthu. Nalonso bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, liika miyezo ya mkaka wabwino ndi kuyendera mafakitale.

PA MALO OSONKHANITSIRA

Alimi ang'onoang'ono a m'zigawo zozungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu agulitsa mkaka wao kupyolera m'magulu. Mkaka ukafika pagulu uyesedwa kawiri. Poyamba aviikamo kachipangizo koyandama kotchedwa lakitomita. Mkaka wothiridwa madzi upepuka, ndipo kachipangizoko kamira kupitirira muyeso. Kachiwiri asakaniza mkaka pang'ono ndi mankhwala a sipiriti; ukachita zibuma, ndiye kuti wayamba kusasa. Wopambana mayeso onsewo uthiridwa m'thanki yoziziritsa kufikira madigiri 4.

Woyesayo sachita nkhanza pobweza chigubu. Chigubu chimodzi choipa chikalowa m'thanki chiononga mkaka wa alimi onse, ndipo fakitale ikaukana, gulu lonse litaya ndalama za tsikulo. Chimodzimodzinso mkaka wa ng'ombe yobayidwa mankhwala suyenera kugulitsidwa kufikira atatha masiku amene mlangizi wa ziweto wanena, pakuti mankhwalawo atsalira mumkaka.

KUFAKITALE

Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mkaka woyera mbee ukhoza kusunga tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndiponso ta nthenda yopolozetsa ng'ombe imene madokotala aitcha brucellosis. Nthenda ziwirizi zigwiranso anthu, ndipo maso sangazione m'kapu. Chifukwa chake mkaka utenthedwa pa madigiri 72 kwa masekondi 15, nuziziritsidwa msanga. Njira imeneyi inatenga dzina la Louis Pasteur wa ku France, amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti kutentha kupha tizilombo toononga zakumwa. Chambiko ndi yogati za m'sitolo ziyenera kupangidwa ndi mkaka wokonzedwa motere, ndipo paketi ionetse dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito.

PAMENE PALI VUTO

Sikungabisike kuti mlimi ali ndi dandaulo lomveka. Gulu lichedwa kulipira, pamene wogula wa panjinga apereka ndalama pamanja ndipo safunsa mafunso. Magetsi akazima, thanki ileka kuzizira ndipo mkaka wa mlimi wosalakwa usasa. Motero mkaka wambiri upita m'makwalala a m'tauni usanayesedwe, ndipo nthawi zina ndi womwewo umene unakanidwa m'mawa. Ena mwa amene aumwa ndi ana ang'ono, omwe matupi ao sapirira nthenda.

Mankhwala a vutoli si kufewetsa mayeso ai, koma kulipira mlimi mtengo woyenera pa nthawi yake, ndi kumphunzitsa ukhondo: kusamba m'manja, kutsuka bere la ng'ombe, kukamira m'chiwiya choyera chachitsulo, ndi kufika pagulu dzuwa lisanakwere.

Mphunzitsi angathe kufotokoza zimenezi m'phunziro la zaukhondo, ndipo mlangizi angazinene pa msonkhano wa alimi. Koma banja lililonse limene lagula mkaka wosadziwika kochokera liyenera kuuwiritsa kufikira utabwata, mwana asanaulawe.