Maondo angathe kugwada mtima uli chiimire

Fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho, lopezeka pa Luka 18:9-14, timaliweruza msanga. Tikangomva dzina loti Mfarisi, timadziwiratu kuti woipa ndi ameneyu. Koma anthu amene analimva koyamba sanaganize choncho, ndipo tikapupuluma tiphonya chimene Ambuye Yesu ankaphunzitsa.

Mfarisi uja sananame. Chilamulo cha Mose chinaika tsiku limodzi lokha pa chaka losala kudya, Tsiku la Chitetezo. Iye ankasala kawiri pa sabata, monga ankachitira Ayuda odzipereka, Lolemba ndi Lachinayi. Ankapereka chakhumi cha zonse zimene ankapeza. Sanali wolanda, sanali wachigololo. Munthu wotere akanakhala pakati pathu lero, tikanamusankha kukhala mkulu wa mpingo ndi msungichuma yemwe, popanda wotsutsa.

Wamsonkho uja naye sikuti ankangomunamizira. Okhometsa msonkho ankatumikira ulamuliro wa Aroma, ndipo phindu lawo linkachokera pa zimene ankawonjezera pamwamba pa mlingo. N'chifukwa chake Yohane Mbatizi anawachenjeza kuti asamalipiritse mopyola muyeso (Luka 3:13).

Nanga kusiyana kunali pati? Mfarisi anafika pamaso pa Mulungu atatenga mnzake ngati muyeso wodziyezera. Pemphero lake linayamba ndi chiyamiko, koma munalibe pempho ngakhale limodzi, pakuti sankaona kanthu komusowa. Wamsonkho anaima patali, wosayerekeza kukweza maso, akudziguguda pachifuwa. Liwu la Chigriki limene Luka analemba pa pempho lake, hilastheti, silipempha chisoni wamba. Limayendera limodzi ndi nsembe yotetezera machimo. M'Kachisi ankapereka mwanawankhosa m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ndipo munthuyu ankapempha kuti chitetezo chimufikire iyenso, popeza analibe china chilichonse choonetsa. Ambuye anati ndiye anabwerera kwawo atayesedwa wolungama, osati winayo.

Abale ndi alongo, apa fanizoli latifika pakhomo. Ife kuno kwathu ulemu timaudziwa: timagwada, timawomba m'manja, timatsitsa mawu pamaso pa akuluakulu. Zimenezi n'zabwino ndipo tisazitaye. Komatu maondo angathe kugwada mtima uli chiimire. Chilankhulo cha wamsonkho tinachiloweza kalekale, ndipo m'mapemphero timadzitcha ochimwa, osayenera, fumbi lachabechabe. Koma wina angolitchula tchimo lathu ndi dzina lake, kuti tinadya ndalama zomangira tchalitchi, kapena kuti tinalanda munda wa ana amasiye a mbale wathu, pomwepo nkhope imasintha. Timafuna kudziwa amene waulula, timaopseza zotuluka mumpingo. Kuvomera kuti ndife ochimwa mwachisawawa sikutitayitsa kanthu. Kuvomera tchimo limodzi lodziwika n'kumene kumawawa. Makolo athu anaona kale zimenezi pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri, ndiwo kutuluka m'tchalitchi tikuyamika Mulungu kuti sitili ngati Mfarisi uja, kapena ngati anthu a mpingo wa tsidya lina la msewu. Tikatero tapemphera pemphero lake lomwe lija, tangosintha dzina.

Wina angafunse kuti mtima woona umaoneka bwanji, popeza Mulungu yekha ndiye amaona m'kati. Luka sanatisiye m'malere. M'mutu wotsatira akutionetsa wamsonkho wina, wa dzina ndi mudzi wake: Zakeyu, mkulu wa amisonkho ku Yeriko, munthu wachuma amene sanachite manyazi kukwera mumtengo anthu akuona. Chilamulo chinkafuna kuti wovomera yekha chinyengo chake abweze chimene anatenga ndi kuwonjezerapo limodzi la magawo asanu (Numeri 5:7). Zakeyu anaimirira pamaso pa onse, nalonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Ambuye atamva zimenezo, ananena kuti chipulumutso chalowa m'nyumba imeneyo tsiku lomwelo.