Timu Yakumchira Imene Inakanyamula Chikho ku Baltimore

Mukanafunsa aliyense wotsatira mpira wa m'holo ku America kumayambiriro kwa Julayi 2018 kuti chikho chipita kwa yani, palibe akanatchula Washington Valor. Akanaitchula bwanji? Timuyi inali itasewera masewero 12 a mu ligi n'kupambana awiri okha. Awiri basi! Masewero khumi enawo anyamata ankatuluka m'bwalo manja ali m'khosi, masapota akubwerera kwawo mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Komatu mwezi womwewo usanathe, anyamata omwewo anali akudumphadumpha pakati pa bwalo la eni ake ku Baltimore, chikho chili m'mwamba. Nkhaniyi ndimaikonda kwambiri, ndipo ndikayamba kuifotokoza ndimaona mano anga ali pamtunda ndisanafike n'komwe pakati.

Mpira umene tikunena pano si wamiyendo tinauzolowera uja. Ndi mpira wa ku America, woumbika ngati dzira, umene amauponya ndi manja osewera atavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa. Umenewu nthawi zambiri umaseweredwa panja, pabwalo lalikulu. Koma mu 1981 mkulu wina, Jim Foster, akuonera mpira wamiyendo wa m'holo ku Madison Square Garden ku New York, anatenga envulopu n'kujambulapo maganizo ake: bwanji mpira wathuwu nawonso tiulowetse m'nyumba? Pofika 1987 ligi ya Arena Football League inali itayamba.

Bwalo lake ndi theka la bwalo lapanja, mayadi 50 m'litali, pafupifupi mamita 46, ndipo amayala kapeti pamalo omwewo pamene amasewerera hockey ya pa ayezi. Mbali iliyonse kumakhala osewera asanu ndi atatu m'malo mwa 11. Mzere wakumbali kulibe. M'malo mwake kuli khoma lofika m'chiuno lokutidwa ndi matiresi, ndipo kuseri kwa khomalo n'kumene kumakhala anthu, moti wosewera akamuomba mwamphamvu amatha kugudubukira pamiyendo pa sapota amene akudya zake phee. Mpira ukagwera kwa anthu, woutola ndi wake, amapita nawo kwawo. Kumapeto kwa bwalo, uku ndi uku kwa zigoli, kwapachikidwa maukonde aakulu okungika kwambiri, ndipo mpira womenyedwa ndi mwendo ukagunda ukondewo n'kubwerera, masewero saima, aliyense amauthamangira. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, kumene amati touchdown, kumapatsa mapointi 6, ndipo pakabwalo kochepa chonchi zimenezi zimachitika pafupipafupi. Ukangowerama kuti umange nsapato, podzuka upeza zigoli zasintha.

Washington Valor inabadwira m'banja la mwanaalirenji. Mwini wake anali Ted Leonsis kudzera mu kampani yake ya Monumental Sports & Entertainment, yomwenso ili ndi timu ya hockey ya Washington Capitals ndi ya basketball ya Washington Wizards, ndipo nthawi imeneyo inalinso ndi holo yaikulu ya pakati pa mzinda imene masiku ano imatchedwa Capital One Arena. Leonsis sanakhutire ndi timu imodzi. Anakhazikitsanso ina mumzinda woyandikana nawo, Baltimore Brigade, ndipo zonse ziwiri zinalowa mu ligi mu 2017 ngati mapasa. Tsiku loyamba, mu Epulo chaka chimenecho, mapasawa anakumana ku Washington anthu oposa 15,000 akuonerera, ndipo Valor inapambana. Anthu anati zayamba bwino.

Chinali chikomekome cha mkuyu. Chaka chimenecho Valor inapambana masewero atatu, n'kugonja 11.

Chaka cha 2018 chinayamba moipa kuposa pamenepo. Ligi yeniyeniyo inali ikudwala. Tampa Bay Storm, timu imene inatengapo chikho kasanu, inatsekedwa mu Disembala 2017. Cleveland Gladiators inaima kaye chifukwa holo yake inali kukonzedwa. Kunatsala matimu anayi okha: Philadelphia Soul, imene inali itangotenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, timu yatsopano ya Albany Empire, ndi mapasa a Leonsis aja. Pa anayiwa, Valor ndi imene aliyense ankapukutirapo mapazi. Inagonja masewero anayi oyamba motsatizana, mphunzitsi Dean Cokinos n'kuchotsedwa ntchito, ndipo mmodzi wa omuthandiza, Benji McDowell, anauzidwa kuti agwirizire kaye mpando.

Taganizirani mmene anyamatawa ankamvera. Pa 7 Juni chaka chomwecho Washington Capitals inatenga chikho cha hockey cha Stanley Cup koyamba chiikhazikitsire mu 1974. Mzinda wonse unavala zofiira, misewu inadzaza, anthu akuimba ndi kuvina. Holo imodzimodziyo, bwana mmodzimodziyo. Kwinaku Valor inali ngati mwana uja amene alendo akabwera pakhomo makolo amaiwala kumutchula, chifukwa onse ali kalikiliki kutamanda mkulu wake amene wakhoza mayeso.

Ndiye kunabwera Arvell Nelson. Mnyamata wa ku Cleveland ameneyu anali ataponyerapo mpira Cleveland Gladiators, ndipo timuyo itaima anapezeka kunja kwa ligi. Valor inamutenga sizoni ili pakati kuti akhale quarterback, wosewera amene amalandira mpira poyamba n'kusankha koti auponye. Nelson anali ndi mkono, komanso anali ndi thupi ndi miyendo. Akaona kuti anzake onse atsekerezedwa, ankaukumbatira mpira pachifuwa n'kudzibowolera yekha njira pakati pa anthu. Sindinena kuti atangofika zonse zinasintha, ayi. Timu inapitirizabe kugonja mpaka kumaliza pansi penipeni ndi 2 kwa 10 ija. Koma tsopano inali ndi munthu amene adani ankayenera kumuganizira usiku asanagone.

Mwayi unali m'malamulo. Popeza matimu anali anayi okha, ligi inagamula kuti onse alowa m'ndime yachipulula. Mu semifainolo timu yapamwamba ikumana ndi yakumchira kawiri, kwawo ndi koyenda, kenako kuwonkhetsa mapointi, monga mmene zimakhalira mu mpikisano wa makalabu wa CAF. Choncho Valor inagwera m'kamwa mwa Albany Empire, imene inatsogola ligi itapambana masewero asanu ndi atatu, yomwenso masapota ake ankadzaza holo ndi phokoso logonthetsa m'khutu.

Masewero oyamba, ku Washington, anafika mpaka m'nthawi yowonjezera. Albany inapambana 57 kwa 56. Kugonja ndithu, kwa nambala 11 chaka chimenecho, koma kugonja kwa mtundu wina. Pointi imodzi yokha! Anyamata amene aliyense ankayembekeza kuti akwapulidwa ngati ana anatuluka m'bwalo atazindikira kuti njovu ija ili ndi pofewa pake. Patatha sabata anapita ku Albany, m'holo ya eni ake, n'kukapambana 47 kwa 40. Powonkhetsa, Valor 103, Albany 97. Timu yopambana kawiri kokha mu ligi inali italowa mu fainolo, imene kumeneko amaitcha ArenaBowl.

Nanga ikakumana ndi yani? Mbale wake yemwe uja! Baltimore Brigade inali itatulutsa akatswiri a Philadelphia. Leonsis ndiye anagona tulo tabwino sabata imeneyo, pakuti chikho chinali chake kale, kaya chigwere kumanja kaya kumanzere. Koma kwa osewera sizinali choncho. Mpikisano wa pachibale ndi umene umawawa kwambiri, ndipo Brigade ndi imene inkaoneka mwana wabwino pakhomopo kuyambira pachiyambi.

Pa 28 Julayi 2018, mu Royal Farms Arena ku Baltimore, Nelson anasewera mpira wa moyo wake wonse. Anaponya ma touchdown atatu, ndipo asanu anakagoletsa yekha ndi miyendo yake. Brigade ikagoletsa, iye ankabweza. Ikayandikira, iye ankathawanso nazo. Nthawi itatha, pa bolodi panalembedwa Washington 69, Baltimore 55. Nelson anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa tsikulo, ndipo McDowell, amene anangouzidwa kuti agwirizire mpando wa timu yosweka, anali mphunzitsi wa akatswiri a ArenaBowl XXXI. Mukawerenga bwino, chaka chonsecho Valor inapambana masewero anayi n'kugonja 11, koma chikho chinakwera basi yopita ku Washington. Pasanathe miyezi iwiri chitengereni Capitals chikho chawo, mwana woiwalika uja analowa m'nyumba atasenza chake.

Alipo amene ananyinyirika. Ankati n'zochititsa manyazi kuti timu yotere itchedwe katswiri, ndipo zikungoonetsa kuti ligi ya matimu anayi si ligi. Pa za kuchepa kwa ligi sindingatsutse, chinali chizindikiro cha matenda enieni. Koma pa za chikho ndimakana. Malamulo anali odziwika kwa onse mpira usanayambe. Albany inapatsidwa mipata iwiri, umodzi pakhomo pake penipeni, ndipo powonkhetsa inachepekedwa. Baltimore inalandira fainolo kwawo, pamaso pa anthu ake, n'kugonja ndi mapointi 14. Palibe anawanyamulira Valor chikho kukawapatsa kunyumba. Ndipo ndikaganiza za anyamata aja, amene malipiro awo anali kutali kwambiri ndi a anzawo a mu ligi yaikulu ya mpira wapanja ya NFL, akudzuka m'mawa uliwonse kupita kokonzekera atagonja kachisanu, kachisanu ndi chitatu, kakhumi, osataya zipewa zawo n'kupita kukafuna ntchito ina, mtima wanga umakhala kumbali yawo.

Chaka chotsatira Valor inalowa m'bwalo ili timu ina. Imene inkapukutiridwa mapazi ija tsopano inkatchulidwa ndi ulemu, ndipo mu 2019 inapambana masewero asanu ndi awiri n'kugonja asanu, chaka chake chabwino koposa mu ligi. Inatulutsidwa mu semifainolo ndi Philadelphia Soul, ndipo Albany Empire inapukuta misozi yake potenga chikho chaka chimenecho, zomwe zinandisangalatsanso chifukwa inali itachivutikira. Mu Novembala 2019 ligi inalengeza kuti ndalama zatha, n'kutseka zitseko, ndipo Valor inathera pomwepo itakhala zaka zitatu zokha.

Zaka zitatu, chikho chimodzi. Mukatsegula mndandanda wa matimu amene anatengapo ArenaBowl n'kutsika ndi chala mpaka chakumapeto, mupeza Philadelphia Soul pa 2016, Philadelphia Soul pa 2017, Albany Empire pa 2019. Pakati pawo, pa 2018, pakhala Washington Valor, ija ya 2 kwa 10, itatambalala bwinobwino.