Ndani ali ndi mphamvu yosamutsa othawa kwawo? Zomwe zinachitika ku Peckham

M'mawa wa pa 2 Meyi 2024, basi inaima kunja kwa hotela ya Best Western mumsewu wa Peckham Road, kumwera kwa London. Inabwera kudzatenga anthu opempha kuti Britain iwalandire monga othawa kwawo, omwe boma linkawasunga m'hotelayo, kuti akakhale m'chombo cha Bibby Stockholm padoko la Portland ku Dorset. Anthu ochita zionetsero anaizungulira basiyo atagwirana manja, ena atakhala pansi mumsewu, mpaka inabwerera osanyamula munthu. Apolisi anamanga anthu 45.

Mwalamulo, ochita zionetserowo analibe pogwira. Lamulo la 1999 loona za olowa m'dziko ndi othawa kwawo limapereka kwa nduna ya zam'dziko mphamvu yopezera pogona munthu wosowa yemwe akudikira yankho la pempho lake. Koma munthuyo sasankha komwe akakhale, ndipo wokana kusamuka popanda chifukwa chomveka angathe kulandidwa thandizolo. Khonsolo ya Southwark, yomwe imayang'anira Peckham, ilibe mphamvu yoletsa kusamutsako, ngakhale kuti anthuwo amakhala atazolowerana kale ndi zipatala, sukulu ndi mipingo ya m'deralo.

Nduna ya nthawiyo, a James Cleverly, inadzudzula zionetserozo. Boma linkati mahotela akudya ndalama zoposa mapaundi 8 miliyoni patsiku, ndipo chombocho, chomwe chinali ndi malo a anthu pafupifupi 500, chinali njira yochepetsera ndalamazo.

Mantha a otsutsa nawonso anali ndi maziko. Mu Ogasiti 2023, patangopita masiku anayi anthu oyamba atalowa m'chombocho, onse anatulutsidwa chifukwa m'mipope ya madzi munapezeka tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa. Mu Disembala chaka chomwecho, mnyamata wina wa ku Albania anapezeka atafa m'chombomo. Komanso panali patangotha sabata imodzi chikhazikitsireni lamulo lotumizira ena ku Rwanda, motero basi iliyonse yoima pahotela yotere inkaopsa.

Chochititsa chidwi n'chakuti mphamvu yomweyi imagonjetsanso makhonsolo ofuna kuti othawa kwawo achoke. Mu Ogasiti 2025, khonsolo ya Epping Forest inatenga chiletso kukhoti kuti opempha malo achotsedwe m'hotela ya Bell, koma khoti la apilo linachichotsa pasanathe masabata awiri.

Amalawi si alendo pa mkangano wotere. Malawi inasaina pangano la 1951 la othawa kwawo, koma sinavomere kwathunthu ndime zowalola kukhala ndi kugwira ntchito komwe akufuna. Mu Meyi 2023, apolisi anagwira mazana a othawa kwawo mu Lilongwe, ena n'kuwasunga kundende ya Maula asanawabwezere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa. Boma linatchula chitetezo ndi malonda a eni dziko monga zifukwa. Msasawo, womwe unakonzedwera anthu osaposa 12,000, unali kale ndi anthu oposa 50,000.

Ku Britain, boma la Labour lomwe linalowa mu Julayi 2024 linathetsa ndondomeko ya Rwanda, ndipo linalengeza kuti silidzawonjezera mgwirizano wa chombocho. Omaliza anatulukamo mu Novembala 2024. Lamulo lakuti wopempha malo sasankha pokhala silinasinthe.