Njere za tomato zabwerera m'zitini

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kapaketi ka mbewu ya tomato kasanduka chinthu choti mlimi amachitembenuza kawiri m'sitolo n'kuchibwezera pashelefu. Mbewu zambiri za ndiwo zamasamba zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. N'chifukwa chake m'madimba a ku Ntcheu ndi Dedza anthu ayambanso kufunsana za luso lomwe ankati ndi lachikale: kudzisungira mbewu.

Kumunsi kwa msika wa Lizulu kuli mayi wina wachikulire amene lusoli sadalisiyepo. Iwo satenga mbewu pa tomato wotsalira m'dengu. Amayendera mizere yawo m'mamawa n'kumanga kansalu pa mtengo uliwonse womwe wabereka bwino komanso masamba ake sadapse ndi chiwawu. Zidzukulu zonse zimadziwa kuti tomato wa pamenepo salowa mumphika.

Akapsa psuu mpaka kufewa, amamufinyira m'chitini, njere ndi madzi ake omwe, n'kuvundikira masiku atatu. Pamwamba pamachita chuku, ndipo fungo lake losasa limakupeza usadalowe m'khitchini. Kusasako n'kumene kumachotsa kuterera komwe kumakuta njere n'kumazichedwetsa kumera. Akathira madzi n'kutakasa, zamphwepwa zimayandama n'kutayidwa, zokhwima zimamira. Zimenezi amaziyala pachiguduli pamthunzi, osati pamalata, kenako amazifikisa ndi zala kuti zilekane, n'kuzisakaniza ndi phulusa m'botolo lotsekeka bwino. Mpiru amaumanga m'mitolo n'kuupachika kudenga. Therere amalisiya liumire pamtengo.

Mkangano uli pa haibulidi. Alimi achinyamata ena akumagula tomato wamkulu wonyezimira pamsika, kumufinya n'kukafesa kunazale. Iwo akuti amamera bwinobwino, nanga aperekerenji ndalama zambiri chaka chilichonse? Alangizi a zaulimi akukana. Akuti tomato wa paketi yolembedwa F1 ndi mwana wa mitundu iwiri yosiyana, ndipo njere zake zikabzalidwa, m'munda umodzi mumatuluka wina wamkulu, wina wamng'ono, wina wofewa msanga, wina wosapirira matenda. Akutinso matenda ena amayenda m'njere, choncho tomato wogula, yemwe mtengo womwe adachokera sudauone, angakubweretsere vuto m'dimba.

Apa alangiziwo akunena zoona, ndipo mavenda opita ndi tomato ku Lilongwe kapena Blantyre amafuna wofanana komanso wolimba panjira. Koma langizoli likafika m'midzi limamveka ngati mbewu iliyonse yosunga ndi yoipa, zomwe si zoona ayi. Mitundu yomwe si haibulidi, monga Moneymaker, Roma VF ndi Tengeru 97, imabereka monga kholo lake, popeza duwa la tomato nthawi zambiri limadzipatsa lokha mungu. Nyemba nazo zili choncho. Povuta ndi pa maungu, omwe njuchi zimasakaniza ndi a kumunda kwa mnzako. Zimandipweteka kuona mlimi wosauka akuuzidwa "osasunga" m'malo mouzidwa choti asunge ndi choti agule.

Mayi a ku Lizuluwa salowerera mkanganowu. Amagula paketi imodzi ya haibulidi yolimira tomato wogulitsa, koma wodya pakhomo ndi wa m'botolo lawo, wamadzi ambiri ndi wowawasa, yemwe akuti ndiye amagwira nsomba zouma. Phwetekere wamng'onomng'ono samuvutikira n'komwe, amadzimerera yekha kudzala.

Tsiku lamsika, kumbali kwa milu ya kabichi ndi mbatatesi, amayi ena amayala timapepala ta mbewu ya mpiru ndi bonongwe, muyezo wake supuni. Palibe dzina lolembedwa papepalapo. Wogula amangofunsa kuti mbewuyo yachokera m'dimba la ndani, ndipo akamva dzina lomwe akulidziwa amatulutsa ndalama.