Ba Nesi, Night Shift Yatha Koma Tulo Kulibe?

Mukumbukira January 2024, pamene kolera inadzaza odwala mu Heroes Stadium? Ba nesi na ba dokotala anasewenza usiku na usana. Nanga iwo akalema, amawasamalira ndani?

Ngati musewenza ku UTH, ku Levy kapena pa kiliniki ya mu komboni, mudziwa kale. Mwafika pa nyumba, thupi lalema, koma maganizo akali ku wadi, mtima uthamanga chabe.

Apa foni ingathandizeko. Ma app monga Calm, Headspace na Insight Timer amakutsogolerani kupuma pang'onopang'ono. Yesani manje: kokani mpweya masekondi 4, ugwireni 4, tulutsani 4. Mphindi 5 mu minibasi zikwana. Insight Timer ili na zambiri zaulere, koma Calm na Headspace zambiri ni zolipira, ndiye werengani bwino musanavomere. Bundle nayo muziiyang'ana.

Koma app sichepetsa mzere wa odwala, ndipo si dokotala. Mukasowa tulo masabata angapo, kapena mwayamba kuthawira ku mowa, osakhala chete. Kambani na mnzanu wa pa nchito, pitani ku Chainama, kapena tumani foni yaulere ku Lifeline pa 933. Naimwe ndinu munthu, ba sister.