KUBZALA SIKOKWANIRA: TIŴERENGE MITENGO IMENE YAPULUMUKA

Chaka ndi chaka, mvula ikakhazikika, mipingo yathu yambiri imakhala ndi tsiku lobzala mitengo. Timasonkhana ndi makasu, amayi a Chigwirizano akuimba, ana a Sande Sukulu atasenza mbande m'mabeseni, ndipo abusa amabzala mtengo woyamba. Tikatero timabalalika mitima ili mbee, poyesa kuti ntchito yatha. Koma pali funso limene sitidzifunsa kaŵirikaŵiri: kodi pa mitengo imene tinabzala chaka chatha, yatsala ingati lero?

Ife pa mpingo wathu funsoli linatichititsa manyazi. Tinabzala zaka zitatu zotsatana kuseri kwa tchalitchi, ndipo chaka chilichonse tinalemba kuti ntchito inayenda bwino. Tsiku lina pa msonkhano wa akulu a mpingo, bambo wina wachikulire anaimirira nati: "Abusa ndi akulu anzanga, mitengo tikuitamayi ili kuti? Ine ndifuna ndikakhale pamthunzi pake." Tinatuluka tonse kukaona, ndipo tinapeza maenje okhaokha. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina chiswe, yotsala inapsa ndi moto wa osaka mbeŵa. Zaka zonsezo tinali kubzala m'maenje omwe aja.

Vutoli si la mpingo umodzi. Dziko lathu linayamba kusunga Tsiku Lobzala Mitengo pa 21 Januwale 1976, ndipo masiku ano nyengo yobzala imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mu 2016 Malaŵi analonjeza kuti pofika 2030 adzakhala atabwezeretsa chonde ndi mitengo pa malo okwana mahekitala 4.5 miliyoni. Komabe mapiri athu akunkabe nayera, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, yavutika kwambiri ndi makala. Chikusoŵa si changu chobzala ayi, koma dongosolo ndi kuŵerengera.

Ambuye Yesu, pa Luka 14:28-30, anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuŵerengera ngati ali nazo zomalizira, kuopa kusekedwa. Nehemiyanso asanaitane anthu kuti amange linga la Yerusalemu, anayamba walizungulira usiku kuti aone pamene panagumuka. Tsono dongosolo si nzeru za m'maofesi chabe. Ndi khalidwe la mdindo wokhulupirika.

Zida zimene mpingo ufunika kukhala nazo si zodula. Ife tapeza kuti zilipo zinayi.

Choyamba ndi mapu. Achinyamata ajambule malo onse a mpingo pa pepala lalikulu: tchalitchi, nyumba ya abusa, sukulu, manda, chitsime, munda, pamene madzi amakokolola nthaka ndi pamene ziŵeto zimadutsa. Mapu adzatiuza mtengo woyenera malo ake. Nsangu ndi wa m'munda, pakuti umayoyola masamba nthaŵi ya dzinja, sutchinga dzuŵa pa chimanga, ndipo umaonjeza chonde. Mbaŵa imakonda m'mbali mwa mitsinje. Bulugama amamwa madzi ambiri, choncho asayandikire chitsime kapena dambo. Ndipo pamene pali zitsa zophukira, tisavutike ndi mbande. Tingopatulira mphukira ndi kuziteteza, popeza mizu yake inazama kale.

Chachiŵiri ndi kalendala ya ntchito. M'mera mpoyamba. Mbewu zifesedwe mu nazale m'miyezi ya chilimwe, maenje akumbidwe mvula isanagwe, kubzala kuchitike nthaka itanyowa bwino, ndipo zimene zafa zibwezeredwe mvula isanathe. Udzu ukayamba kuuma, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, tilambule njira zotchinga moto. Pa ntchito iliyonse palembedwe dzina la woyang'anira, chifukwa ntchito ya "tonse" imasanduka ya "palibe".

Chachitatu ndi buku. Msungichuma salandira chopereka popanda kulemba. Nanga bwanji mitengo? Kope wamba la ana a sukulu likwanira. Mulembedwe tsiku, malo, mtundu wa mtengo, chiŵerengero, ndalama zimene zaloŵa ndi amene akusamala.

Chachinayi, chimene chiposa zonse, ndi tsiku loŵerenga. Likhale kumapeto kwa Okutobala, dzuŵa litaŵaŵa kwambiri, pakuti mtengo umene wapyola mwezi umenewu wasonyeza kuti wagwira. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tiyerekeze kuti tinabzala mbande 200 ndipo tapeza zamoyo 120: ndiye kuti zapulumuka 60 pa 100 zilizonse. Kenaka tifunse chimene chinapha zina 80 zija. Ngati ndi mbuzi, chaka chamaŵa tiyambe ndi mpanda. Ngati tinabzala mochedwa, tikonze kalendala. Chiŵerengerochi chilengezedwe mu mpingo monga timalengezera za masika, chikhale chokondweretsa kapena chochititsa manyazi.

Akhristu a maiko ena amadziyesanso motere. Ku England ndi ku Wales bungwe lachikhristu la A Rocha linayambitsa mu 2016 ndondomeko yotchedwa Eco Church. Mpingo umayankha mafunso okhudza chipembedzo ndi chiphunzitso, nyumba zake, malo ake, ubale wake ndi anthu ozungulira, ndiponso makhalidwe a akhristu ake, ndipo umadziŵa pamene wafika ndi pamene uyenera kukonza. Ifenso tingadzilembere mafunso otiyenera: Kodi pa misonkhano ikuluikulu timaphika pa mafuwa, kapena pa chitetezo mbaula imene imasunga nkhuni? Kodi njerwa za tchalitchi chatsopano zidzatha mitengo ingati, ndipo tidzaibweza bwanji?

Koma chida sichigwira ntchito m'manja mwa munthu wosaphunzitsidwa. Alangizi a zankhalango ndi a zaulimi alipo m'madera mwathu. Tiwaitane adzaphunzitse komiti ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, momwe muli mkulu wa mpingo, mtumiki, amayi ndi achinyamata. Ophunzirawo aphunzitse anzawo, kuti wina akasamuka nzeru zisasamuke naye. Tipemphanso kuti pa maphunziro a atsogoleri a mpingo, monga amene amachitikira ku Chongoni, nkhani imeneyi izipatsidwa malo.

Makolo, yambani pakhomo: mwana aliyense akhale ndi mitengo yake isanu, aithirire, ndipo mu Okutobala banja lonse likaŵerenge. Achinyamata, inu muli ndi miyendo ndi masamu. Mapu ndi buku zikhale m'manja mwanu, pakuti mthunziwo ndi wanu ndi ana anu.

Chaka chino, tisanagule mbande ngakhale imodzi, tiyeni titenge kope ndi pensulo, tipite kuseri kwa tchalitchi, tikaŵerenge.